Inabwera Choncho

Ayi, Amayi Ameni sanawotche diresi ya ukwati ija. Ndikudziwa kuti mwamva. Ena mwamvera kumpopi, ena mu minibasi, ena pakhomo penipeni pa tchalitchi mukudikira kugwira dzanja la abusa. Akuti anaiwotcha dala chifukwa cha nsanje, poti iwo ukwati wawo unalibe diresi. Ena akuti anali atatsinzina akupemphera, simbi ili pansalu, mpaka utsi unafika kumwamba pemphero lisanafike. Imeneyo ndiye yokoma, ngakhale ine ndinaseka. Koma bodza likakoma silisanduka zoona, limangonenepa. Khalani pansi mumve mmene zinayendera, kenako mukanene kumpopi konko, ngati pakamwa panu pamadziwa kunyamula nkhani yopanda mchere.

Malo ochapira zovala aja mukuwadziwa. Kutsogolo kuli kauntala, ndi zovala zolendewera m'mapulasitiki ngati anthu odikira dokotala. Mukalowa mkati muli chipinda chachitali, matebulo ositira atandanda, makina ochapira akunjenjemera pakona ngati agwidwa ndi malungo, ndi thanki ya madzi otentha imene imapumira anthu nthunzi kumaso tsiku lonse. Kuseri kuli bwalo la zingwe zoyanikapo, ndipo kumapeto kwa bwalolo kuli kachipinda. Kachipinda kameneko mukasunge m'mutu, tikabwererako.

Pachikwangwani mwini malowo ndi mlamu wa Amayi Ameni, mkulu wa mwamuna wawo, bambo ofatsa ngati madzi a mumtsuko, amene ntchito yawo ndi kukhala pampando pakhomo n'kumapatsa moni odutsa. Buluku amavala ndi iwo, koma lamba amasunga ndi akazi awo. Akazi awowo ndiwo Adona. Pachibale Amayi Ameni anayenera kumawaitana kuti achemwali, poti anakwatiwa nyumba imodzi, koma tsiku loyamba pantchito anauzidwa kuti uchemwali uzitsala pageti pamodzi ndi matope a kumapazi.

Pamalo amenewa pali lamulo limene silinalembedwe pakhoma, koma wantchito watsopano amalidziwa asanadziwe pogwira simbi. Chovala chikapsa, palibe amene wawotcha. Mumachipinda bwinobwino, popsa paja n'kulowa mkati, n'kuchikutira pulasitiki. Mwini wake akakaona kunyumba, n'kubwerera akupuma ngati ng'ombe yothamangitsidwa, Adona amaomba m'manja. Onse amasiya simbi, n'kudzaima pamzere pakauntala, ndipo aliyense amanena mawu omwewo, mmodzimmodzi, nkhope ili gwa: "Inabwera choncho." Munthu mmodzi angalimbane ndi pakamwa pangati? Mapeto ake kasitomala amayamba kudzikayikira yekha. Ena mpaka amapepesa.

Ndiye musaganize kuti ndikukuuzani za mngelo amene anagwa kumwamba ali ndi simbi m'manja. Pa kwaya ya bodza imeneyi woyambitsa nyimbo anali Amayi Ameni omwewa, nthawi imeneyo asanakhale Ameni. Anzawo ankangonena mawu aja, koma iwo ankawaphika. Dzanja pachifuwa, mutu atapendeketsa, maso ali ndi timisozi: "Bambo, polandira ndinaona ndi ine, ndinafuna kukuuzani koma munali pachangu." Bambo wina jekete yake inali ndi chithunzi chonse cha simbi kumsana, ndi timabowo take tomwe, koma atamva mawu a mayiwa anatembenuka n'kupita kukayambana ndi mkazi wake kunyumba. Adona ankati wantchito ngati ameneyu sapezeka kawiri.

Mwamuna wa Amayi Ameni, amene tonse timawatcha Adalaivala mpaka lero, ankayendetsa galimoto ya pamalopo, kutenga ndi kubweza nsalu za m'mahotela. Ankaikonda ntchito, koma ankakondanso kuima panjira kuti aziziritse kukhosi. Tsiku lina masana anakumana ndi mtengo umene unakana kupatuka. Mutu ndi pakamwa zinapulumuka, miyendo inatsanzika.

Kuchipatala n'kumene zinayambira. Amayi Ameni anali atakhala pansi pafupi ndi bedi, sakudziwa kuti munthu wamkulu wolemera choncho amamugwira pati, ndipo msana wa mwamuna wawo unali utayamba zilonda. Panabwera mayi wina wa kutchalitchi, mwa aja amayendera odwala. Sanalalikire. Anangopinda manja a malaya ake, n'kuwaonetsa mmene amatembenuzira munthu: bondo uku, phewa uku, pilo pakati. Anawasambitsa Adalaivala pamodzi, n'kuwapaka mafuta. Amayi Ameni anafunsa kuti, "Kodi inu tikudziwana?" Mayi uja anati, "Ayi, koma Yesu akukudziwani, ine wangondituma." Mawa lake anabweranso. Mkuja wake anabweranso. Munthu amene wakhala zaka akugulitsa nkhope yachifundo amadziwa msanga akakumana ndi chenicheni. Atatuluka m'chipatala anamulondola mayi uja kutchalitchi, ndipo mvula isanathe anabatizidwa.

Tsopano kachipinda kaja. Alamu awo, bambo a pampando aja, anachita chinthu chimodzi chokha m'moyo wawo osafunsa kwa akazi awo: anapereka kachipindako kwa mng'ono wawo wolumala. Adona sanawakhululukire mpaka lero. Kachipindako n'kosaoneka bwino, bedi limodzi, mpando wamatayala, mbaula ndi zenera loyang'ana pa nsalu zoyanikidwa. Koma khoma lake limatsamira ku thanki ya madzi otentha, choncho nthawi yozizira msana wa Adalaivala unkapeza mpumulo. Ndipo paipi ya m'kachipindamo imadutsa mpaka m'chipinda chositira. Adalaivala akafuna kutembenuzidwa, kapena akafuna zina zija zosatchula, ankagogoda paipi ndi supuni, ngo ngo ngo, mkazi wawo n'kuimika simbi, n'kuthamanga, n'kubwerera. Ndiuzeni ntchito ina m'tauni muno imene munthu angasite malaya a eni ake khutu lili kwa mwamuna wake. Kuchoka pamenepo kunali kusankha pakati pa njala ndi zilonda.

Tsiku loyamba Adona kuomba m'manja Amayi Ameni atabatizidwa, inali siketi ya mphunzitsi wina. Onse anapita pamzere. Amayi Ameni anatsala patebulo, akusita pilo ngati sanamve. Mphunzitsi atapita akudzikanda m'mutu, Adona analowa.

"Kodi makutu nawonso apsa?"

"Mundikhululukire Adona, nyimbo imeneyo ndinaisiya."

"Unaisiya kuti?"

"M'madzi, tsiku la ubatizo."

"Ndiye upite ukaivuule. Pano si pa tchalitchi, pano timadya."

Sanakaivuule. Ndipo kuyambira pamenepo moyo wawo unakhala ngati kolala ya malaya oyera, pamene dothi lonse limathamangira. Anawalanda simbi yawo yabwino n'kuwapatsa ina yachingwe chong'ambika, imene inkaluma ndi magetsi ukaigwira ndi manja onyowa, ndipo pamalo ochapira manja ouma muwapeza kuti? Tebulo lawo analisunthira pafupi ndi thanki, kopanda zenera, kumene thukuta limakulowa m'maso. Masuti ndi madiresi, ntchito imene makasitomala amathokoza, inapita kwa ena. Iwo anapatsidwa nsalu za pabedi za m'mahotela, mulu wosatha, wonunkha zimene alendo amachita akadziwa kuti sachapa okha. Akayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi, wina ankakweza wailesi. Lamlungu, limene kale ankasinthana kuligwira ntchito, linasanduka lawo lokha. Iwo anayankha posita mulu wa Lamlungu pa Loweruka, mpaka zala kutupa, kuti m'mawa wa Lamlungu Adona apeze mashelefu odzaza ndi tebulo lopanda munthu.

Dzina lija linabadwira pomwepo. Adona akawatukwana, kuyambira kumutu mpaka kwa makolo awo, iwo ankadikira kuti amalize, n'kunena chapansipansi kuti, "Ameni." Ena akuti kunali kudzichepetsa. Ine ndikuti munali kamwano pang'ono mmenemo, chifukwa palibe chimene chimapsetsa mtima munthu wotukwana ngati kumuyankha ngati wamaliza pemphero.

Kuchipinda nako sikunali kopumira. Adalaivala miyendo inafa koma lilime linatenga mphamvu za miyendo yonse iwiri.

"Mkazi wanga, Mulungu wakoyo akanakhala makaniko bwenzi atandiika pa jeke kalekale."

"Tsegulani pakamwa mudye."

"Ukamufunse ngati ali ndi masipeya. Ngakhale akale, ine sindisankha."

"Ndimufunsa. Koma akayamba kukonza ayambira pakamwapa."

Ndisakunamizeni, chilungamo chawo nthawi zina chinkaponda anthu pachala. Anapeza ndolo imodzi m'thumba la jekete ya bambo wina. Anzawo akanaiponya m'thumba mwawo nkhani n'kutha. Iwo anaikulunga bwinobwino n'kuipereka kwa amene anabwera kudzatenga jeketeyo. Anabwera anali mkazi wa bamboyo, ndipo makutu ake anali osaboola. Zimene zinachitika kunyumba imeneyo muzifunse kwa oyandikana nawo.

Zaka zinapita choncho. Ndiye kunabwera diresi.

Anaibweretsa ndi Amayi a Mpando, amene amatsogolera gulu la amayi kutchalitchi kwa Amayi Ameni komweko, mayi wathupi, wa mawu akuti akatsokomola kwaya imaima. Mwana wawo wamkazi ankakwatiwa Loweruka. Diresi inali itachoka kwa telala ili ndi makwinya, nsalu yosalala, yoyera mbee, yopepuka ngati mpweya. Anaiika pakauntala n'kunena mokweza, Adona ali pomwepo: "Ndabweretsa kuno chifukwa kuli mlongo wathu uja. Aisite iyeyo. M'tauni muno ndi yekhayo amene ndingamusiyire chinthu n'kukagona tulo."

Mawu amenewo anawalowa Adona ngati munga wa m'chidendene. Kasitomala atangotuluka, ananyamula diresi ija, n'kudutsa tebulo la Amayi Ameni osayang'anako, n'kukaiika kwa Wailesi.

Wailesi ndi mtsikana wositanso pamenepo, mayi wa mwana mmodzi wakhanda, mwamuna wake anapita kukafuna ntchito n'kuiwala njira yobwerera. Si woipa mtima. Vuto lake n'lakuti manja ndi pakamwa sizigwira ntchito nthawi imodzi, ndipo pakamwa sipadikira. Tsiku limenelo anali ndi nkhani ya eni nyumba ake amene anagwidwa akutuluka pazenera la eni, ndipo pofika pamene bamboyo buluku linakodwa pa msomali, Wailesi anafuna manja onse awiri kuti aonetse. Simbi anaisiya chogona. Nsalu yotero sichita kununkha kaye ngati thonje, imangosungunuka. Potukula simbi, pachifuwa penipeni pa diresi panali bowo lakuti mutha kulowetsa dzanja n'kupereka moni.

Onse anaimika simbi n'kuyang'ana bowolo. Ngakhale makina aja anakhala ngati asiya kunjenjemera.

Adona anayang'ana bowo, anayang'ana kudenga, ndipo mutu wawo unagwira ntchito msanga, poti pa zoterezi ndi odala. Kwaya ya masiku onse singagwire pa Amayi a Mpando. Mayi ameneyo akanawatafuna onse pamzere pomwepo. Koma panali pakamwa pamodzi m'nyumbamo pamene akanakhulupirira osafunsa kawiri. Apa m'pamene Adona analakwitsa, kulakwitsa kwa anthu amene azolowera kuti chilichonse chili m'nyumba mwawo ndi chawo: anaganiza kuti chilungamo cha wantchito wawo chili ngati sopo wa m'sitolo, chosungidwa kuti tsiku la dothi lalikulu uchitenge n'kuchapira.

Anapita kutebulo la pafupi ndi thanki, ndipo kwa nthawi yoyamba anamwetulira.

"Mng'ono wanga."

Amayi Ameni anatembenuka kuyang'ana kumbuyo, kuona ngati kuli wina.

"Ndikunena iwe. Si paja ndife pachibale? Madzulo ano akabwera mayi uja, ungonena kuti potsegula pulasitiki unaipeza choncho. Wawotcha ndi telala. Iwe akumvera."

"Telalayo walakwa chiyani, Adona?"

"Telala ali kutali, sakumva. Tamvera. Simbi yatsopano ija ili m'bokosi ndi yako. Lamlungu lililonse uzipita kukaimba mpaka mawu athe. Kamodzi kokha. Mulungu wako sangakusowe chifukwa cha kamodzi."

"Nanga ndikakana?"

Kumwetulira kuja kunapindidwa n'kubwezedwa m'kabati. "Ukakana, kachipinda kaja ndikufuna kuikamo sopo."

Nthawi ya chakudya cha masana inakwana. Asanafike n'kuchipinda komwe, Wailesi anawagwira mkono pakati pa nsalu zoyanikidwa, akulira mamina ali mbwee. "Amayi, mukanditchula ndathera pompa. Mwana ndimudyetsa chiyani? Nenani zimene akufunazo, inu Mulungu amakukondani, akukhululukirani."

"Iwe sindikutchula. Koma zinazo usandipemphe."

Kuchipinda anapeza Adalaivala atamva kale zonse, poti paipi ija imanyamula mawu mbali zonse ziwiri. Tsiku limenelo sanachite nthabwala.

"Unene, mkazi wanga."

"Kwezani mutu ndiike pilo."

"Usandipusitse ndi pilo. Unene. Kale unkanena ngati ukumwa madzi. Tikatuluka muno tipita kuti? Undibereka kumsana? Ukakapeza ntchito kwina, ine ndizigogoda paipi ya ndani?"

Amayi Ameni anakhala m'mphepete mwa bedi, mbale ili pamiyendo. Musamve za anthu kuti okhulupirira saopa. Ankaopa. Ankaona zilonda zija zikubwerera pamsana umene anausamala zaka zonsezi. Ankadziwanso kuti mawu aja akadalipo pakhosi, sanachite dzimbiri, akanatuluka osalala ndi misozi yake yomwe, ndipo Amayi a Mpando akanawakumbatira n'kupita kukang'amba telala wosalakwa.

"Bambo," anatero, "mayi uja akhulupirira chifukwa akudziwa kuti ndine wa Yesu. Ndiye kuti bodzalo sindinena ndi pakamwa panga pokha, ndimubwereka Iyeyo kuti andinamire. Zimenezo sindingathe."

"Nanga Iyeyo ali ndi chipinda choti atipatse?"

"Sindikudziwa."

"Sukudziwa!"

"Sindikudziwa. Idyani, chazizira."

Atawatembenuza, anatuluka n'kukaima pakati pa nsalu za hotela zimene zinkauluzika pazingwe, pamene palibe akanawaona. Zimene anauza Mulungu wawo kumeneko palibe anamva. Anatulukako maso ali ofiira, n'kukagwira simbi yoluma ija.

Dzuwa litapendeka Amayi a Mpando anafika, ali ndi chimwemwe cha mayi wa mkwatibwi. Adona anatambasula diresi pakauntala ndi nkhope ya pamaliro. Mayi uja anakuwa mpaka bambo a pampando anadzuka. Adona anaomba m'manja, mzere unaima, ndipo ulendo uno Amayi Ameni anabwera okha n'kuima kutsogolo. Adona anapumira m'mwamba, kuganiza kuti nsomba yadya nyambo.

"Mlongo wanga, ndiuze iwe," anatero Amayi a Mpando. "Chachitika n'chiyani?"

"Amayi, diresi yanu inabwera bwino. Yapsa muno. Pepani kwambiri."

Mukanaona nkhope ya Adona. Koma ndakuuzani kale kuti mutu wawo suchedwa. Asanaphethire n'komwe anali atatembenuza nyimbo.

"Mwamva nokha, akuvomera. Munati asite iyeyu, ndinamupatsa iyeyu. Ndimafuna kumubisa poti ndi m'bale, koma onani. Anzake ali apa, afunseni."

Ndipo kwaya, imene inazolowera kutsatira woimbitsa, inatsatira. Mmodzimmodzi, nkhope zili gwa: "Ndi Ameni." "Ndi Ameni." Utafika mzere pa Wailesi, mtsikanayo anayang'ana zala za kumapazi kwake n'kugwedeza mutu movomereza. Tsiku limenelo wailesi inatha mabatire.

"Si ine, amayi," anatero Amayi Ameni.

"Nanga ndani?"

"Amene wawotcha ali ndi pakamwa pake."

"Tchula dzina!"

Sanatchule. Ndipo "si ine" uja sanamubwereze. Ananena kamodzi, ngati munthu woika ndalama yake patebulo, wofuna atole wosafuna asiye. Kumeneko ndiye kuuma mutu kumene ine ndimakangana nawo mpaka lero: munthu ukumira, umakuwa kamodzi? Iwo amati mawu oona sakula chifukwa chowabwereza. Amayi a Mpando anawerenga milomo, n'kupeza kuti yambiri ili mbali ya Adona. Anakulunga diresi yawo n'kunena mawu amene anapweteka kuposa simbi yoluma: "Kuwotcha ndikanakhululuka. Koma kukana, iwe wovala mtanda pakhosi?"

Ukwati unachitika, telala uja anasokerera maluwa a nsalu pa bowo paja ndipo anthu ankati ndi sitayilo. Koma Lamlungu lotsatira Amayi Ameni anauzidwa kuti ayambe apuma ku kwaya ndi ku gulu la amayi, akhale benchi ya kumbuyo mpaka mtima wawo utafewa n'kuvomera. Kutukwanidwa ndi Adona anali atakuzolowera ngati nthunzi. Koma kuona amayi amene ankapemphera nawo akusuntha zikwama kuti asakhale pafupi, kumeneko anakalirira kunyumba.

Lolemba m'mawa Adona anafika pakhomo la kachipinda, amuna awo ali kumbuyo akuyang'ana nyerere pansi.

"Alamu, inu ndinu magazi a nyumba ino, mutha kukhala. Koma uyu atuluke lero."

Adalaivala anayankha kuti, "Zikomo alamu. Ndiye pogogoda paipi muzibwera ndinu? Chifukwa ndikuuzeni, si nthawi zonse pamene ndimaitanira tiyi."

Adona anakwinya mphuno.

"Achimwene, nanga inu mukuti bwanji?"

Achimwene awo anayang'ana akazi awo, n'kubwerera ku nyerere zawo zija.

"Basi. Mkazi wanga, ndikweze pagalimoto yanga."

Anthu a mumsewu muno sadzaiwala ulendo umenewo. Patsogolo ngolo yokankha itanyamula bedi, mbaula ndi mabeseni. Pambuyo Amayi Ameni akukankha mpando wamatayala, mutu uli chilili, misozi ikutsika osaipukuta. Anthu anatuluka m'masitolo kudzaonera, ena akunong'onezana za diresi. Ndiye Adalaivala, munthu amene zaka zonsezi ankanyoza mapemphero a mkazi wake, anayamba kukuwa ngati kondakitala.

"Mukuyang'ana chiyani? Mkazi uyu sanama! Ndikudziwa ndine, ndayesa njira zonse! Adokotala akafunsa ngati ndalawako mowa, amandiulula ine mwamuna wake, ndili pomwepo ndikumutsinzinira diso! Anganame chifukwa cha nsanza ya ukwati? Akati si iye, si iye! Wandisowetsa chipinda chofunda, chitsiru cha mkazi, koma sanama!"

"Bambo, chepetsani mawu."

"Iwe yendetsa galimoto, pali dzenje apo!"

Anakapezeka kuseri kwa malo a wowotcherera zitsulo wina, m'kachipinda kamene ankasungiramo zitseko zakale. Mulibe thanki, mulibe paipi. Nyengo yozizira yoyamba msana wa Adalaivala unatsegukanso malo awiri, ndipo mkazi wawo ankatenthetsa njerwa pambaula, kuzikulunga m'nsanza n'kuwaikira m'mbali. Panali masiku amene ankadya kamodzi. Musayembekeze kuti ndikuuzani zoti kumwamba kunatseguka n'kugwa makina ochapira. Kunagwa mvula basi, ndipo denga linkadontha.

Chimene anachita n'chakuti wowotcherera uja anawalumikizira tebulo la zitsulo zotsala, iwo n'kupeza simbi yamakala, n'kuyamba kusita pakhonde. Adalaivala anadziika okha pa udindo wa kauntala: amakhala pampando wawo pambali, kulandira zovala, kukangana ndi makasitomala za mpira, ndipo supuni ija tsopano amagogoda pa tayala ngakhale mkazi wawo ali pamphuno pawo, akuti kuti dzanja lisaiwale. Poyamba anthu ankaopa, amati mayi wowotcha madiresi. Kenako tsiku lina khala linathawa m'simbi n'kuboola kolala ya malaya a mlonda wina. Bowo lake laling'ono, kunsi, loti mwini wake akanaliona chaka chamawa. Iwo anamudikirira ndi malayawo m'manja: "Achimwene, apa ndawotcha ndine." Mlondayo anaima kukamwa kuli yasa. Akuti chibadwire anali asanamvepo mawu amenewo kwa munthu wosita. Anakawafotokozera anzake ngati nthabwala, ndipo anzakewo anayamba kubweretsa mayunifolomu. Si ambiri. Koma mbaula imayaka.

Makala ena amabwera okha. M'mawa mwina amapeza kathumba pakhonde, ndipo onse akudziwa kuti kachokera kwa Wailesi, amene akadali kwa Adona, akuimabe pamzere. Mtsikanayo mabatire anabwerera, ndipo nkhani yonseyi, ndi bowo lake, ndi buluku la pa msomali, waifotokozera aliyense mumsewu muno kupatula anthu awiri amene ikuwakhudza, Amayi a Mpando ndi mwana wawo. Akakumana ndi Amayi a Mpando amawoloka msewu. Amayi Ameni akamuona amangomufunsa za mwana.

Kutchalitchi akadali benchi ya kumbuyo. Ndinawafunsa kuti bwanji osapita kwina, matchalitchi ali mbwee ngati masitolo. Anati, "Ndinapitira Yesu, sindinapitire benchi. Komanso kumbuyo kumapita kamphepo." Ndipo masiku ano sakhala okha. Adalaivala anayamba kuvuta kuti Lamlungu asamawasiye ndi zitseko zakale, akuti akungofuna kuwongola maso, za Mulungu alibe nazo ntchito mpaka masipeya atafika. Amawaimika pafupi ndi benchi ija, ndipo abusa akamalalikira iwo amaponya "Ameni!" wamkulu pamalo olakwika, dala, mpaka Amayi a Mpando kutembenuka. Akatembenuka, Adalaivala amawagwedezera dzanja.

Ndiye mukabwerera kumpopi, mukanene izi: Amayi Ameni sanawotche diresi ya munthu, anawathamangitsa chifukwa anakana kunena kuti inabwera choncho.